Mphoto za Oscar: Mafunso ndi Mayankho

Mwambo wa Oscar ukangochitika, mawa lake nkhani imakhala m'kamwam'kamwa: uje wapambana, uje amubera, uje analira pasiteji. Ambirife timangomva mayina a opambana. Sitifunsa kuti anawasankha ndani, anawasankha bwanji, nanga n'chifukwa chiyani mafilimu ena amene tinawakonda kwambiri satchulidwa n'komwe. Mafunso ali m'munsiwa akuyankha zimenezo.

Kodi Oscar ndi chiyani?

Ndi mphoto imene bungwe la ku America lotchedwa Academy of Motion Picture Arts and Sciences limapereka chaka ndi chaka kwa anthu amene agwira bwino ntchito yopanga mafilimu. Mwambo wake umatchedwa Academy Awards, ndipo umachitikira ku Los Angeles Lamlungu madzulo, kawirikawiri kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi. Mafilimu amene amapikisana ndi omwe anatuluka chaka chapitacho.

Bungweli si la boma, si la atolankhani, komanso si la anthu oonera mafilimu. Mamembala ake ndi eniake a ntchitoyo: osewera m'mafilimu, otsogolera, olemba nkhani, ojambula, osoka zovala, opeka nyimbo ndi ena otero. Choncho Oscar ndi chigamulo cha anthu a ntchito imodzi pa ntchito ya anzawo. Mukaigwira mfundo imeneyi, zambiri zomwe zimadabwitsa pa mphotozi zimamveka.

Zinayamba liti?

Bungweli linakhazikitsidwa mu 1927, ndipo amene anabwera ndi ganizoli anali Louis B. Mayer, mkulu wa kampani yopanga mafilimu ya MGM. Poyamba mtima wake sunali pa mphoto. Iye ankafuna bungwe loti lizithetsa mikangano ya ogwira ntchito ndi eni makampani, mabungwe omenyera ufulu wa apantchito asanazike mizu mu Hollywood. Zopereka mphoto zinabwera pambuyo.

Mwambo woyamba unachitika pa 16 Meyi 1929 mu hotela ya Hollywood Roosevelt. Unali mgonero wa anthu pafupifupi 270, tikiti inali madola 5, ndipo kupereka mphoto kunangotenga mphindi ngati 15. Panalibe woti mtima uzimugunda, chifukwa mayina a opambana anali atalengezedwa kale miyezi itatu m'mbuyomo. Filimu yankhondo ya Wings ndi imene inatenga mphoto yaikulu, ya filimu yabwino koposa, Emil Jannings ndi Janet Gaynor n'kutenga za osewera. Mwambowu unayamba kumveka pa wailesi mu 1930, ndipo unaonetsedwa koyamba pa TV mu 1953. Kuyambira 2002 umachitikira mu holo ina ku Hollywood yomwe kale inkatchedwa Kodak Theatre, pano Dolby Theatre, kupatula mu 2021 pamene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti usamukire ku siteshoni ya sitima ya Union Station.

Kachiboliboli kamene opambana amalandira kaja n'kagolide weniweni?

Kunja kokha. M'kati ndi mkuwa, pamwamba n'kukutidwa ndi golide. N'kotalika masentimita 34 ndipo kamalemera makilogalamu pafupifupi 4, n'chifukwa chake opambana ambiri akangokalandira amakagwira ndi manja awiri modabwa. Kamaonetsa msilikali atagwira lupanga, ataima pa gudumu lokulungirapo filimu. Gudumulo lili ndi masipoko 5, oimira magulu asanu amene bungweli linayamba nawo: osewera, otsogolera, mapulodyusa, olemba ndi amisiri. Anakajambula ndi Cedric Gibbons, wosema wake anali George Stanley. M'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse zitsulo zinkasowa, moti kwa zaka zitatu opambana ankalandira tiziboliboli ta pulasitala topakidwa penti, n'kudzasinthitsa nkhondo itatha.

Za dzina loti Oscar, nkhani yofala kwambiri ndi yoti Margaret Herrick, yemwe ankasunga mabuku ku bungweli, atakaona ananena kuti kakufanana ndi amalume ake a Oscar. Pali nkhani zinanso zopikisana ndi imeneyi. Bungweli linavomereza dzinali mu 1939.

Kodi wopambana amalandira ndalama zingati?

Salandira ndalama. Ngakhale kachiboliboliko sangakagulitse mmene wafunira. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, wopambana aliyense amasaina kuti iye kapena olandira chuma chake akafuna kukagulitsa, ayambe akapereka ku bungweli pa mtengo wa dola imodzi. Phindu limabwera mwa njira ina: malipiro a munthuyo amakwera, ntchito zimamutsata zokha, ndipo filimu yaing'ono imapeza oonera amene sakanaimva n'komwe.

Amavota ndani?

Mamembala a bungweli, omwe tsopano aposa 10,000. Munthu salembera kalata yofunsira umembala. Amaitanidwa, mamembala awiri a nthambi yake akamuikira kumbuyo, kapena ngati iye mwini analowapo pamndandanda wa opikisana.

Kuvota kuli ndi zigawo ziwiri. Pachigawo choyamba, nthambi iliyonse imasankha opikisana a ntchito yake: osewera amasankha osewera anzawo, otsogolera amasankha otsogolera, ojambula amasankha ojambula. Pa filimu yabwino koposa ndi pamene aliyense amavota. Mayina a opikisana amalengezedwa cha mu Januwale. Pachigawo chachiwiri, mamembala onse ali ndi ufulu wovota m'magawo onse. Apa ndi pamene pali kakhalidwe kena kofunika kukadziwa: nthambi yaikulu kuposa zonse ndi ya osewera. Filimu imene yapatsa osewera mpata waukulu woonetsa luso lawo imayamba mpikisano ili kale patsogolo.

Mu 2025 bungweli linakhazikitsa lamulo loti membala ayambe waonera mafilimu onse a m'gawo asanavote pachigawo chomaliza. Kunena zoona, lamulo limeneli linachedwa. Kwa zaka zambirimbiri, m'magawo ambiri munthu ankatha kuvota ataonera filimu imodzi kapena ziwiri zokha mwa zisanu, ndipo amene ankavutika ndi zimenezi ndi eni mafilimu aang'onoang'ono ndi a zinenero zina, omwe ovota ankawasiya kuti adzawaonera akapeza nthawi.

Nanga filimu yabwino koposa imapezeka bwanji?

Gawo limeneli lili ndi kawerengedwe kakekake, ndipo ndi gwero la madandaulo ambiri. M'magawo ena onse, amene wapeza mavoti ambiri ndiye wapambana. Koma kuyambira pa mwambo wa 2010, pamene mafilimu opikisana anawonjezedwa kuchoka pa 5 kufika pa 10, wovota sasankha filimu imodzi. Amasanja onse, kuyambira imene waikonda kwambiri mpaka yomalizira. Ngati palibe filimu imene yaposa theka la mavoti a nambala wani, yomwe ili pansi penipeni imachotsedwa, ndipo mavoti ake amapita ku filimu imene ovotawo anaiika pa nambala 2. Amachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka ina itaposa theka.

Tiyerekeze kuti ovota ndi 100 ndipo mafilimu ndi atatu okha. Yoyamba yapeza 40, yachiwiri 35, yachitatu 25. Yachitatuyo yagwa. Pa mapepala ake 25 aja, 18 anaika filimu yachiwiri pa nambala 2, ndipo 7 anaika yoyamba. Yachiwiri yafika pa 53, yoyamba yaima pa 47. Filimu imene inali patsogolo yaluza.

Zotsatira zake n'zakuti filimu imene anthu ambiri alibe nayo vuto imaposa filimu imene theka la ovota likuifera pamene theka lina silikufuna n'kuiona komwe. Filimu yolimba mtima, yokhumudwitsa, kapena yopangidwa mwanjira yachilendo imavutika ndi kawerengedwe kameneka. Si nthawi zonse ayi, koma mukaona filimu yofatsa, yosangalatsa aliyense, itatenga mphoto yaikulu, kumbukirani masamu amenewa.

Ndani amadziwa zotsatira mwambo usanayambe?

Anthu ochepa kwambiri a kampani yowerengera za chuma ya PricewaterhouseCoopers, imene yakhala ikuwerenga mavoti kuyambira 1935. Ngakhale akuluakulu a bungweli sadziwa. Kale manyuzipepala ankapatsidwiratu mayina kuti adzawatulutse mwambo ukatha, koma mu 1940 nyuzi ya Los Angeles Times inawasindikiza msanga, alendo n'kufika pamwambo akudziwa kale. Kuyambira 1941 mayina amabwera mu envelopu yomata.

Ndiye zinatheka bwanji kuti alengeze filimu yolakwika mu 2017?

Pamakhala maenvelopu awiri a gawo lililonse, ena mbali iyi ya siteji, ena mbali inayo. Usiku umenewo Warren Beatty ndi Faye Dunaway anabwera kudzalengeza filimu yabwino koposa, koma wa kampani yowerengera uja anapatsa Beatty envelopu yotsala ya gawo la mkazi wosewera bwino, lomwe Emma Stone anali atangopambana kumene ndi filimu ya La La Land. Beatty anatsegula, anayang'ana khadi, anasuzumiranso mu envelopu ngati muli lina, n'kukhala chete. Anthu ankaganiza kuti akungokokera dala. Anaonetsa khadilo kwa Dunaway, iye n'kuwerenga dzina la filimu limene analiona: La La Land.

Gulu lonse la filimuyo linakwera pasiteji. Mapulodyusa anayamba kuthokoza. Kumbuyo kwawo kunayamba kuoneka anthu ovala mahedifoni akuyendayenda, akufunafuna maenvelopu. Kenako mmodzi wa mapulodyusawo, Jordan Horowitz, anabwerera pa maikolofoni n'kunena kuti pachitika cholakwika, wopambana ndi Moonlight, ndipo anakweza khadi lenileni kuti kamera ilione. Holo yonse inangoti kukamwa yasa. Chimene chimandipweteka pankhaniyi n'chakuti Barry Jenkins ndi anzake, omwe anapanga filimu yaing'ono yonena za mnyamata wakuda wokulira mu umphawi ku Miami, analandidwa mphindi yawo. Mpaka lero anthu akatchula Moonlight, ambiri amakumbukira envelopu osati filimuyo.

Pali magawo angati?

Kufika mu 2025 analipo 23. Kuyambira 2026 pawonjezeka gawo la anthu amene amasankha osewera oyenera mbali iliyonse ya filimu, ndipo bungweli linalengeza kuti kuyambira 2028 lizidzapereka mphoto kwa okonza zochitika zoopsa monga kugwa, kumenyana ndi kuthamangitsana pagalimoto. Magawo anayi ndi a osewera: mwamuna ndi mkazi pa mbali yaikulu, mwamuna ndi mkazi pa mbali yothandizira. Ena ndi a wotsogolera, nkhani yolembedwa kumene, nkhani yochokera m'buku kapena kwina, kajambulidwe, kalumikizidwe ka zithunzi, kamvekedwe, nyimbo, zovala, zodzoladzola, makatuni, mafilimu a nkhani zoona, mafilimu aafupi, ndi mafilimu a mayiko ena.

Kodi filimu iliyonse ingapikisane?

Ayi. Filimu yaitali iyenera kupitirira mphindi 40, ndipo iyenera kuonetsedwa kwa masiku osachepera 7 m'nyumba yoonetsera mafilimu, kwa anthu olipira, mu umodzi mwa mizinda ingapo yosankhidwa ya ku America monga Los Angeles ndi New York. Filimu ikhoza kukhala ya dziko lililonse komanso ya chinenero chilichonse, koma iyenera kudutsa pakhomo limeneli. Makampani oonetsa mafilimu pa intaneti amatsatiranso lamulo lomweli: amaika filimu m'maholo kaye. CODA, imene inagulidwa ndi Apple, ndi yoyamba ya makampani otere kupambana mphoto yaikulu, mu 2022.

Lamulo limeneli likuonetsa poyera kuti mphotozi ndi za msika wa ku America. Filimu ya ku India kapena ku Nigeria ikhoza kuonedwa ndi anthu mamiliyoni kwawo, koma ngati palibe kampani imene yaitenga kukaionetsa ku America, kwa ovota ili ngati kulibe.

Nanga mafilimu a mayiko ena amalowa bwanji?

Ali ndi gawo lawo, lomwe lakhala likupikisanidwa chaka chilichonse kuyambira 1957. Dziko lililonse limatumiza filimu imodzi yokha, yosankhidwa ndi komiti ya m'dzikomo yovomerezedwa ndi bungweli. Filimuyo iyenera kukhala yopangidwa kunja kwa America, ndipo zolankhula zake zoposa theka zisakhale m'Chingerezi. Pa mafilimu a mayiko ochuluka amene amatumizidwa, amasankhapo 15, kenako 5. Italy ndi France ndi amene atenga mphotoyi kambirimbiri.

Mafilimu otere angathenso kupikisana m'magawo ena ngati akwaniritsa malamulo ake. Panadutsa zaka zoposa 90 kuti filimu ya chinenero china ipambane mphoto yaikulu. Inali Parasite ya Bong Joon-ho wa ku South Korea, mu 2020.

Kodi Africa inapambanapo?

M'gawo la mayiko ena, kufika mu 2025, katatu. Z inapambana mu 1970 m'dzina la Algeria, Black and White in Color mu 1977 m'dzina la Côte d'Ivoire, ndipo Tsotsi ya Gavin Hood wa ku South Africa mu 2006. Koma tiyang'anitsitse. Z inatsogoleredwa ndi Costa-Gavras, wobadwira ku Greece, ndipo nkhani yake ndi ya ndale za kwawo. Yachiwiriyo inatsogoleredwa ndi Jean-Jacques Annaud wa ku France. Ndi Tsotsi yokha, nkhani ya mnyamata wachiwembu wa ku Johannesburg amene wapeza khanda m'galimoto imene waba, yomwe inatsogoleredwa ndi munthu wa dziko limene linaitumiza. Timbuktu ya Abderrahmane Sissako inafika pa 5 omaliza mu 2015 m'dzina la Mauritania, ndipo Kaouther Ben Hania wa ku Tunisia wafikapo kangapo. Ousmane Sembène wa ku Senegal, yemwe ambiri amamutcha tate wa mafilimu a mu Africa, anamwalira mu 2007 asanalandirepo Oscar.

Kwa osewera, Charlize Theron wa ku South Africa anapambana mu 2004 ndi filimu ya Monster, ndipo Lupita Nyong'o wa ku Kenya anapambana mu 2014 ndi 12 Years a Slave. Djimon Hounsou wobadwira ku Benin analowa kawiri pamndandanda wa opikisana, Barkhad Abdi wobadwira ku Somalia kamodzi. Onsewa anadziwika kudzera m'mafilimu a ku America kapena ku Britain. M'gawo la nkhani zoona, My Octopus Teacher ya ku South Africa inapambana mu 2021.

Malawi anatumiza filimu koyamba mu 2018, The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, kenako Fatsani mu 2021. Onse awiri sanafike pa 5 omaliza. Chinanso chochititsa chidwi n'chakuti The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya Chiwetel Ejiofor yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, inatumizidwa mu 2019 ndi dziko la Britain, chifukwa inapangidwa ndi makampani a kumeneko ndipo zolankhula zake zambiri zili m'Chichewa.

Chinachitika n'chiyani ndi filimu ya ku Nigeria ija?

Mu 2019 Nigeria inatumiza filimu koyamba, Lionheart ya Genevieve Nnaji. Bungweli linaichotsa pampikisano chifukwa inali m'Chingerezi pafupifupi yonse, Chiigbo chili mphindi ngati 11 zokha. Nnaji anayankha kuti umo ndi mmene anthu a ku Nigeria amalankhulira, ndipo m'dziko la zinenero mazanamazana Chingerezi ndi chimene chimawalumikiza.

Bungweli linatsatira lamulo lake, zimenezo sitingatsutse. Koma lamulolo lili ndi mbali imene silinaione. Cholinga chake ndi kupereka mpata kwa mafilimu amene ovota a ku America sangawaonere mwa okha. Komatu filimu ya ku Lagos, Accra kapena Lusaka ya m'Chingerezi ilinso m'gulu lomwelo la osaonedwa. Singalowe m'gawo la mayiko ena chifukwa cha chinenero, ndipo singathe kulimbana ndi makampani a ku Hollywood m'magawo enawo chifukwa cha ndalama. Mayiko amene analandira Chingerezi kwa atsamunda akulangidwa nacho kachiwiri. Chaka chomwecho gawoli linali litangosinthidwa dzina kuti lizitchedwa la mafilimu a mayiko onse, koma lamulo la chinenero linakhala momwemo.

Kodi n'zoona kuti anthu akuda amasalidwa?

Mbiri ikuyankha yokha. Munthu wakuda woyamba kupambana anali Hattie McDaniel, mu 1940, pa mbali ya wantchito wa m'nyumba mu Gone with the Wind. Hotela ya Ambassador, komwe mwambo unachitikira, sinkalola anthu akuda. Anamulowetsa atachita kumupemphera chilolezo, ndipo anamukhazika pa katebulo kapadera cha kukhoma, kutali ndi anzake a mufilimuyo. Anachoka pakatebulo pomwepo kukalandira mphoto yake.

Panadutsa zaka 24 kuti Sidney Poitier apambane ngati mwamuna wosewera bwino, mu 1964. Halle Berry anakhala mkazi wakuda woyamba kupambana pa mbali yaikulu mu 2002, usiku womwe Denzel Washington anapambananso, ndipo kufika mu 2025 analipobe yekha. Kufika chaka chomwecho panalibe munthu wakuda amene anatengapo mphoto ya wotsogolera, ngakhale kuti 12 Years a Slave ya Steve McQueen ndi Moonlight zinatenga mphoto yaikulu.

Mu 2015 ndi 2016, osewera onse 20 opikisana anali azungu zaka ziwiri zotsatizana. Mkwiyo unabuka pa intaneti pansi pa mutu wa #OscarsSoWhite, umene unayambitsidwa ndi April Reign. Vuto silinali loti ovota anakhala pansi n'kupangana. Linali loti ambiri mwa iwo anali amuna achizungu achikulire, omwe ankaonera ndi kukonda nkhani zofanana ndi moyo wawo. Bungweli, motsogozedwa ndi Cheryl Boone Isaacs, linalonjeza kuchulukitsa kawiri chiwerengero cha akazi ndi anthu a mitundu ina pofika 2020, ndipo linaitana mamembala atsopano ambiri ochokera kunja kwa America. Pasanathe zaka zambiri Parasite inapambana, ndipo mu 2023 Michelle Yeoh wa ku Malaysia anakhala mkazi woyamba wa ku Asia kutenga mphoto ya mbali yaikulu. Mafilimu abwino a ku Asia analipo kuyambira kale. Chimene chinasintha ndi anthu ogwira pepala lovotera.

Nanga akazi otsogolera mafilimu?

Kufika mu 2025 anapambana ndi atatu basi: Kathryn Bigelow mu 2010, Chloé Zhao mu 2021 ndi Jane Campion mu 2022.

Kodi mphoto imagulidwa?

Osati m'njira yoti wina apereke envelopu ya ndalama kwa wovota. Malamulo amaletsa mphatso, ndiponso amaletsa kunyoza mafilimu a anzako. Koma pali kampeni, ndipo imadya madola mamiliyoni. Makampani amagula malo otsatsira m'manyuzipepala a zamafilimu ndi pa zikwangwani za mu Los Angeles, amakonza zionetsero zapadera za mamembala, ndipo osewera amatha miyezi akuyenda kuchokera ku phwando kupita ku wailesi, akugwirana chanza ndi ovota. Ndalama sizigula voti, zimagula chinthu chosowa kwambiri: kuti wovota wotanganidwa, yemwe ali ndi mafilimu mazana oti asankhepo, aonere yako.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha 1999, pamene Shakespeare in Love inagonjetsa Saving Private Ryan ya Steven Spielberg pambuyo pa kampeni yaukali ya pulodyusa Harvey Weinstein, yemwe pambuyo pake anachotsedwa m'bungweli mu 2017 n'kumangidwa pa milandu yogwiririra. Komabe si kuti filimu yodula ndiyo imapambana nthawi zonse. Anora, imene inapambana mu 2025, inapangidwa ndi madola pafupifupi 6 miliyoni, ndalama yochepa kwambiri kwa Hollywood.

Apambana posachedwapa ndi ati?

Pa filimu yabwino koposa: Parasite mu 2020, Nomadland mu 2021, CODA mu 2022, Everything Everywhere All at Once mu 2023, Oppenheimer mu 2024 ndi Anora mu 2025. Oppenheimer inatenga mphoto 7, kuphatikizapo ya Christopher Nolan ngati wotsogolera ndi ya Cillian Murphy ngati wosewera. Anora inatenga 5, ndipo 4 mwa izo zinapita kwa munthu mmodzi, Sean Baker, yemwe analemba, kutsogolera, kulumikiza zithunzi komanso kukhala mmodzi wa mapulodyusa. Usiku womwewo Brazil inapambana koyamba m'gawo la mayiko ena ndi I'm Still Here, ndipo Latvia inatenga mphoto ya makatuni ndi Flow, filimu ya mphaka yopanda mawu olankhula.

Ndani ali ndi mphoto zambiri?

Walt Disney, ndi 22 zopikisana komanso 4 zaulemu. Pa osewera, Katharine Hepburn ali ndi 4. Daniel Day-Lewis anatenga katatu mphoto ya mwamuna pa mbali yaikulu, ndipo Meryl Streep analowa pamndandanda wa opikisana ka 21 n'kupambana katatu. John Ford ali ndi 4 za wotsogolera. Mafilimu atatu anatenga mphoto 11 iliyonse: Ben-Hur, Titanic ndi The Lord of the Rings: The Return of the King. Tatum O'Neal anapambana ali ndi zaka 10 mu 1974, pamene Anthony Hopkins anapambana ali ndi zaka 83 mu 2021, chaka chimene ambiri ankayembekeza kuti mphotoyo ipita kwa malemu Chadwick Boseman. Osewera awiri, Peter Finch ndi Heath Ledger, anapambana atamwalira kale.

Alipo amene anaikana?

Alipo atatu odziwika. Wolemba Dudley Nichols anaikana mu 1936 chifukwa cha mkangano wa bungwe la olemba ndi makampani. George C. Scott anaikana mu 1971 ponena kuti osewera sayenera kupikisanitsidwa. Marlon Brando anaikana mu 1973 ya The Godfather, n'kutumiza Sacheen Littlefeather kuti akafotokoze kuti akudandaula ndi mmene mafilimu ankaonetsera mitundu ya anthu amene azungu anawapeza ku America. Mtsikanayo ena anamukuwiza pasiteji, ndipo bungweli linadzamupepesa mu 2022, miyezi yochepa asanamwalire.

Za Will Smith ndi zina. Iye sanakane mphoto. Anamenya mbama Chris Rock pasiteji mu 2022, n'kudzapambana usiku womwewo ndi King Richard. Mphoto sanamulande, koma anamuletsa kupezeka pamwambowu kwa zaka 10.

Kodi anthu akuonerabe mwambowu?

Osati ngati kale. Mu 1998, chaka cha Titanic, anthu oposa 55 miliyoni anaonera ku America kokha. Mu 2021 anali pafupifupi 10 miliyoni, ndipo kuchokera pamenepo chiwerengero chakwerako koma sichinafike pakale. Anthu ambiri tsopano amangodikira tizidutswa pa foni mawa lake, komanso mafilimu amene amapambana nthawi zambiri si amene khamu limathamangira.

Ndiye filimu yopambana ndiyo yabwino koposa chaka chimenecho?

Nthawi zina inde. The Godfather, Schindler's List ndi Parasite palibe amene amazikayikira. Koma Citizen Kane, yomwe akatswiri ambiri amaiika pakati pa mafilimu apamwamba kwambiri m'mbiri, inagonja mu 1942 kwa How Green Was My Valley. Alfred Hitchcock analowa kasanu pampikisano wa wotsogolera osapambana ngakhale kamodzi. Mu 1990 Do the Right Thing ya Spike Lee, yonena mosabisa za tsankho ku Brooklyn, sinalowe n'komwe pa mafilimu opikisana mphoto yaikulu, ndipo imene inapambana inali Driving Miss Daisy, nkhani yofatsa ya dalaivala wakuda ndi bwana wake wachizungu. Patatha zaka 29, Lee ali pampikisano ndi BlacKkKlansman, mphoto yaikulu inapita kwa Green Book, nkhani inanso ya ubwenzi wa mzungu ndi munthu wakuda m'galimoto. Usiku umenewo Lee anatenga Oscar yake yoyamba yopikisana, ya kalembedwe ka nkhani.

Pali mphoto zina zofunika kuzitsatira?

Zilipo, ndipo zina zimaona zimene Oscar saona. Golden Globes ndi BAFTA ya ku Britain zimachitika Oscar asanafike, pamodzi ndi mphoto za mabungwe a osewera, otsogolera ndi mapulodyusa a ku America. Zomalizazi ndi zimene zimalosera bwino wopambana, chifukwa ovota ake ambiri ndi omwewo. Ku zikondwerero za mafilimu za ku Cannes, Venice ndi Berlin kachitidwe n'kosiyana: kagulu kochepa ka oweruza kamaonera mafilimu onse n'kukambirana, ndipo filimu yachilendo imakhala ndi mwayi woposa. Mu Africa muli chikondwerero cha mafilimu cha FESPACO ku Ouagadougou, m'dziko la Burkina Faso, mphoto imene inayamba mu 1969 ndipo imachitika zaka ziwiri zilizonse, Africa Movie Academy Awards imene Peace Anyiam-Osigwe anayambitsa mu 2005, ndi Africa Magic Viewers' Choice Awards kuyambira 2013. Pa mphoto zomalizazi The Road to Sunrise, imene sinapite patali ku Oscar, inatenga mphoto ya filimu yabwino koposa ya kum'mwera kwa Africa mu 2018, patangopita zaka ziwiri Joyce Mhango Chavula atatenga mphoto yomweyo ndi filimu yake ya Lilongwe.